Ulusi ukamaunjikana kunsi posoka chofunda cha zigamba

Mwezi wa Meyi ukamatha, mphepo ikayamba kutsika m'phiri la Zomba, makina osokera amene anakhala chivundikire kuyambira nthawi ya mayunifolomu amavundukulidwa m'makomo ambiri. Wina watolera mapisi a zitenje kwa telala wa pakhonde ku Chinamwali, wina wagula masiketi a kaunjika pamsika waukulu oti adule, onsewo akufuna kuti chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chipeze ana ali ndi chofunda. Dandaulo limene limabwera chaka ndi chaka ndi lomweli: pamwamba msoko ukuoneka bwinobwino, koma ukatembenuza nsalu upeza ulusi waunjikana ngati ndevu za chimanga, makina alimba, nsalu yakanirira mpaka kuchita kuidula ndi lezala.

Poti chisokonezocho chikuonekera kunsi, anthu ambiri amathamangira kukapotoza kasikulu ka pa kanyumba ka bobini, kagudumu kamene kamakulungidwa ulusi wakunsi. Kasikulu kameneko kasiyeni kaye. Kawirikawiri ulusi waunjikanawo umakhala wochokera pamwamba, ndipo mukasokoneza kunsi komwe kunali bwino mudzakhala ndi mavuto awiri.

Chifukwa chake chili m'mene makina amamangira msoko. Singano imatsika ndi ulusi wapamwamba, ikayamba kukwera ulusiwo umatsalira pang'ono n'kupanga kakhwekhwe pambali pa bowo la singano. Kangowe kachitsulo kamene kali kunsi kamakola kakhwekhweko, kukakulitsa, n'kukazunguliza bobini yonse. Apa ndiye kuti pa sitichi iliyonse ulusi wapamwamba wautali ndithu umatsikira kunsi. Ntchito youbweza ndi ya kamkono kachitsulo kamene kamakwera ndi kutsika kumaso kwa makina. Kamkonoko kakamakoka, timbale tiwiri ta tenshoni timayenera kugwira ulusi kuti usachokere ku sipulu, pamene pakulungidwa ulusi wapamwamba, ndipo ukatero wokokedwa ndi uja unatsikira kunsi. Timbale tikapanda kugwira, kamkono kamangokoka ulusi watsopano wa ku sipulu chifukwa ndiwo wofewa, wakunsi uja n'kutsala komweko uli lende. Masitichi 10 oterowo akwana kutseka makina.

Dziwani kaye ulusi wolakwa

Musayesere pa chofunda chenichenicho. Tengani kapisi ka chitenje chomwecho, kapindeni pawiri. Pamwamba ikani ulusi wofiira, mu bobini woyera, koma onse akhale a mtundu umodzi ndi makulidwe amodzi. Sokani mzere wa masentimita 15, mutembenuze. Zolendewera kunsizo zikakhala zofiira, vuto lili pamwamba. Ulusi woyera ukamatulukira pamwamba pa nsalu ngati timadontho, wofiira utangogona mowongoka, ndiye kuti tenshoni ya pamwamba yathina kwambiri kapena ulusi wa bobini sunalowe pansi pa kasipuling'i kake. Msoko wabwino mfundo yake imabisala pakati pa nsalu ziwirizo, pamwamba pamaoneka chofiira chokhachokha, kunsi choyera chokhachokha.

Njira ya ulusi wapamwamba

Chotsani ulusi wonse wapamwamba muyambirenso, ngakhale mukuona ngati uli m'malo mwake. Musanaulowetse kwezani phazi la makina, kachitsulo kopanikiza nsalu pansi pa singano. Ichi ndicho chimene chimaiwalika kwambiri. Phazi likakwera, mkati mwa makina muli kachitsulo kamene kamakankha timbale ta tenshoni kuti titseguke. Phazi likakhala pansi timbale timakhala chitsekere, ndipo ulusi umangokhala pamwamba pake osalowa pakati. Ndi maso umaoneka ngati walowa, koma palibe chikuugwira.

Zungulizani gudumu ndi dzanja mpaka kamkono kaja kafike pamwamba penipeni. Gwirani ulusi ndi manja awiri, lina cha ku sipulu lina kumapeto, muukokere pakati pa timbale mpaka mumve kuti wakhazikika. Ukatuluka mu timbale uyenera kudutsa pa kasipuling'i kawaya kopyapyala kamene kali pambali pake, kenako pabowo la kamkono, kenako m'timphete totsogolera ulusi mpaka kamphete komaliza kamene kali pamwamba pa singano. Ulusi ukaphonya kamkono makina amatseka pa sitichi yachiwiri kapena yachitatu, ndipo amalira mogogoda.

Mukatero yesani motere, ulusi usanalowe m'singano. Phazi lili m'mwamba, kokani ulusi: ubwere mosavuta. Tsitsani phazi, kokaninso: ulimbe moti chala chimve. Ngati palibe kusiyana, pali chimene chikulepheretsa timbale kukumana. Nthawi zambiri kamakhala kachidutswa ka ulusi wakale, tiubweya ta nsalu, kapena dzimbiri. Kuno dzimbiri si lachilendo. Nyumba za m'munsi mwa phiri zimagwira chinyontho nyengo yonse ya mvula, kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo makina amene anakhala miyezi imeneyo osagwira ntchito timbale take timachita madontho ofiirira. Kwa amene amasokera pakhonde m'mbali mwa msewu wa M3, mdani wawo ndi fumbi la m'chilimwe. Kwezani phazi, pindani kansalu koyera kathonje kosayoyoka, kanyowetseni pang'ono ndi sipiriti, mukalowetse pakati pa timbale n'kumakakoka uku ndi uku. Ngati dzimbiri lagwira, masulani kanati ka kutsogolo, muchotse zonse mozindandalika pa tebulo monga mmene zatulukira, mupukute timbale ndi sanipepa wosalala kwambiri. Pobwezera, mimba za timbale ziyang'anane. Mafuta asafike pamenepo ngakhale dontho.

Pokhapo ndi pamene mungakhudze tenshoni. Pa makina okhala ndi manambala yambirani pa 4. Pa makina akuda opanda manambala, potozani kanati theka la kuzungulira kulowera kumanja, musoke mzere, muone, mupotozenso ngati pakufunika. Osapotoza kangapo nthawi imodzi chifukwa simudzadziwa pamene panali pabwino.

Ulusi nawonso umanamiza. Umene amatelala ambiri amagwiritsa ntchito ndi wa poliyesita wolembedwa 40/2, ndipo ndi wokwanira pa zitenje. Ulusi umene wakhala pa windo padzuwa kwa zaka umafumbwa: ukokeni ndi manja, ukaduka mosavuta utayeni. Wokhala ndi timfundo kapena ubweya wambiri umakodwa mu timbale. Ngati mwagula ulusi wa pachikoni chachikulu, musachikhomeke pa kamtengo ka sipulu, chimalemera ndipo ulusi umabwera modukiza. Chiikeni m'kapu kuseri kwa makina, mupinde waya wolimba woti ulusi uzikwera kaye m'mwamba molunjika usanapite ku makina. Tisipulu ting'onoting'ono timakhala ndi kamng'alu m'mphepete kopanirapo ulusi, ndipo kamng'aluko kamakola ulusi posoka. Tembenuzani sipulu kuti kamng'alu kakhale mbali imene ulusi sukudutsako.

Zikamachitika poyambira pokha

Pali ena amene msoko wawo umayenda bwino, koma poyambira paliponse pamatsala kamtolo ka ulusi. Pa chofunda cha zigamba izi zimatopetsa, chifukwa misoko yake ndi yaifupiifupi ndipo mumayamba kambirimbiri. Apa makina alibe mlandu. Tulutsani ulusi wa bobini ubwere pamwamba, mukokere maulusi onse awiri kumbuyo kwa phazi masentimita 10 mpaka 15, muwapanikize ndi chala mpaka mutasoka masitichi atatu. Yambani singano ili kale m'nsalu, mamilimita ngati 5 kuchokera m'mphepete, kuti mano okoka nsalu asakankhire nsonga ya nsalu m'bowo la pleti, chitsulo chafulati chimene chili pansi pa phazi.

Njira yachidule ndi yosadula ulusi n'komwe. Mukamaliza kulumikiza zigamba ziwiri, lowetsani ziwiri zotsatira pomwepo, zizituluka kumbuyo zitalumikizana ngati mkanda, mudzazidule pamapeto. Ulusi umapulumuka wambiri, ndipo poyambira pamakhala pamodzi pokha.

Pa makina opalasa pali chinanso. Gudumu la makina a Singer ndi Butterfly amene ali m'makomo ambiri limayenera kuzungulira kubwera kwa inu. Wophunzira kumene akaponda chopondera gudumu lisanayambe, limatha kubwerera m'mbuyo theka lokha, ndipo pomwepo ulusi umakodwa kapena kuduka. Yambitsani gudumu ndi dzanja lamanja, mapazi alandire. Poima, ligwireni ndi dzanja, mulizungulize mpaka kamkono kafike pamwamba musanatulutse nsalu. Mukatulutsa kamkono kali pansi, mudzaona maulusi atatu kapena anayi akutuluka m'bowo m'malo mwa awiri. Lamba akakhwepa gudumu limaterereka pa nsalu yokhuthala: masulani kawaya kolumikizira, dulani sentimita imodzi, boolani pena ndi msomali, mulumikizenso. Asathine kwambiri, mungatope miyendo pachabe.

Singano

Makina akamadumpha masitichi kapena kudula ulusi wapamwamba pafupipafupi, sinthani singano musanaganize china chilichonse. Ndi chinthu chotchipa kuposa zonse pa makina, koma anthu amakhala nayo mpaka ithyoke. Singano yobuntha imamveka, imachita kuti thu thu thu polowa m'nsalu. Yopindika simungaione ili pa makina: ichotseni, muigoneke pa galasi mbali yake yafulati ili pansi, muone ngati mpata wa pakati pa singano ndi galasi uli wofanana mpaka kunsonga. Chofunda chimodzi chachikulu chiyambe ndi singano yatsopano, ndipo ngati muli nsalu za jini m'katimo mudzasinthanso musanamalize.

Makulidwe ake amalembedwa ndi manambala awiri. Polumikiza zigamba za chitenje, 80/12 kapena 90/14 ndi yokwana. Posoka nsalu zonse zitatu pamodzi (zigamba, bulangeti la pakati ndi nsalu ya kunsi), 90/14 kapena 100/16. Pa jini, 100/16 kapena 110/18. Singano yaing'ono ndi ulusi wokhuthala sizigwirizana, ulusi umakhuzika pabowo mpaka kunyenyeka. Kuti mudziwe, lowetsani ulusi m'singano ili m'manja, muupendeketse: singano itsetsereke yokha.

Chenjerani pogula. Singano za makina a pakhomo zili ndi mbali imodzi yafulati kumutu, ndipo paketi yake imalembedwa 130/705H, HAx1 kapena 15x1. Za makina akuluakulu amagetsi a m'mashopu a matelala, monga zolembedwa DBx1, mutu wake ndi wobulungira ponseponse. Mukaikakamiza yotereyi m'makina a pakhomo, siikhala pamalo oyenera ndipo kangowe kamaphonya ulusi.

Polowetsa, ikankheni m'mwamba mpaka igunde, kenako mumange. Ikatsala ngakhale milimita imodzi makina adumpha. Mbali yoyang'anitsa imasiyana malinga ndi makina, choncho gwirani lamulo ili: singano ili ndi kangalande kakatali mbali imodzi, mukhoza kukamva ndi chikhadabo, ndipo ulusi umalowera mbali ya kangalandeko. Kamphete komaliza ka pamwamba pa singano kamakuuzani mbali imene ulusi ukuchokera. Pa makina ambiri akuda a mtundu wa Butterfly mbali yafulati imayang'ana kumanja, ulusi n'kulowa kuchokera kumanzere. Pa Singer zina zakale ndi mosemphana. Pa makina amagetsi atsopano mbali yafulati imayang'ana kumbuyo. Singano yotembenuzidwa sisoka n'komwe, kapena imadula ulusi sitichi iliyonse.

Tsopano kunsi

Ngati zonsezi zili bwino koma vuto likadalipo, tsegulani kunsi. Masulani tisikulu ta pleti, muichotse. Pakati pa mano okoka nsalu mupeza tiubweya tagwirana ngati kachigamba ka bulangeti. Zitenje zatsopano ndi mabulangeti zimatulutsa ubweya wambiri, ndipo ukachuluka mano satha kukwera mokwanira. Tokosani ndi pini, musese ndi mswachi wakale. Osauzira ndi pakamwa, mpweya wa m'kamwa ndi wonyowa ndipo mumangokankhira zinyalala m'kati. Chotsani kanyumba ka bobini, mutsegule mphete imene imagwira kangowe, mutulutse kangoweko. M'njira imene kamayendamo nthawi zambiri mumakhala kaulusi kamodzi kopanikizika, ndipo n'kokwana kulimbitsa makina onse. Pukutani, donthezani dontho limodzi la mafuta a makina osokera, mubwezere.

Za mafutazi tinenepo. Mafuta ophikira amafewetsa makina kwa sabata, kenako amauma n'kukhala ngati ulimbo. Oyilo wa galimoto ndi wolemera ndipo amadetsa nsalu. Makina amene anathiridwapo zoterezi atsukeni ndi parafini m'mabowo onse othira mafuta, muwapalase opanda ulusi kwa mphindi zingapo, mupukute zakuda zimene zituluke, kenako muthire mafuta oyenera. Musoke kaye pa sanza musanabwerere ku chofunda.

Yendetsani chala pa nsonga ya kangowe ndi m'mphepete mwa bowo la pleti. Paliponse pamene singano inagundapo pamatsala kachipsera kakuthwa kamene kamadula ulusi. Kachipsera kakang'ono kamatha ndi sanipepa wosalala, pleti yong'ambika ndi yofunika ina.

Bobini ikulungidwe mosalala ndi mothina. Yokulunga pamanja, kapena yowonjezera ulusi wina pamwamba pa wakale, imatulutsa ulusi modukiza. Isadzaze mpaka kusefukira. Yopindika m'mphepete itayeni. Mabobini amafanana ndi maso koma si amodzi: a makina amene bobini yake imalowera m'kanyumba kochotseka chakumbali amakhala afulati mbali zonse, pamene a Singer zina zoponyera bobini pamwamba amakhala okhota pang'ono. Popita kukagula tengani yakale m'thumba. Poika m'kanyumba, ulusi uchite kubwerera m'mbuyo polowa m'kamng'alu, kenako upite pansi pa kasipuling'i kafulati. Ukangolowa molunjika osabwerera, bobini mwaitembenuza. Kanyumbako kakankheni mpaka kamveke kuti kalowa, kachala kake katakhala m'malo mwake.

Apa ndiye mukhoza kuyesa kasikulu kaja. Lendeweretsani kanyumba ndi ulusi wake pamwamba pa chikhatho. Kasatsike kokha. Mukagwedeza dzanja kamodzi, katsike masentimita awiri kapena atatu n'kuima. Kakangotsetsereka mpaka pansi, mangani. Kakapanda kusuntha, masulani. Potozani pang'ono kwambiri, osafika kota ya kuzungulira, ndipo chitirani pamwamba pa mbale, chifukwa kasikulu kameneka kakagwa pansi simudzakapezanso.

Pamene zigamba zinayi zikumana

Makina ambiri amasoka bwino pa nsalu ziwiri n'kudzakanika pamphambano. Werengani nsalu zimene zili pamenepo. Mukalumikiza zigamba kukhala mzere n'kusitira msoko mbali imodzi, pamsokopo pali nsalu zitatu. Mizere iwiri ikakumana misoko yake itagonera mbali imodzi, singano ikuboola nsalu 6. Mukasita mzere woyamba kugonera kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanjanso, misoko imalowana ndipo singano imaboola nsalu 4 zokha. Makona nawonso amakumana okha popanda kulimbana nawo. Simbi ikhale pambali pa makina, ya makala kapena ya magetsi, mzere uliwonse usitidwe usanalumikizidwe. Posita muziitsitsa ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza, chifukwa chigamba chimatamuka.

Phazi likamakwera pa chitunda limapendekeka, kutsogolo m'mwamba kumbuyo pansi. Likatero silipanikiza nsalu, nsalu imakwera limodzi ndi singano, kakhwekhwe kaja sikapangika, makina n'kudumpha. Nthawi zina phazi limakwera kwambiri mpaka timbale ta tenshoni kutseguka, ndiye ndevu zija zimabwera pamphambano pokhapokha. Imani singano ili m'nsalu, kwezani phazi, lowetsani kumbuyo kwake kakatoni kopinda kapena kansalu kokhuthala mofanana ndi chitundacho, tsitsani phazi, mudutse pamenepo pozunguliza gudumu ndi dzanja. Misoko ya jini igonekeni pa thabwa muimenye ndi hamala kangapo, imaphwa. Koma ndi bwino kungodula misoko yakale ya buluku n'kuitaya, mutenge nsalu yokhayokha.

Mizere ikamasiyana kutalika, vuto ndi kadulidwe ndi kukula kwa msoko. Tiyerekeze chofunda cha bedi la munthu mmodzi, masentimita 150 m'lifupi ndi 210 m'litali. Mukadula zigamba za masentimita 17 mbali zonse n'kusiya sentimita imodzi ya msoko, chilichonse chimatsala 15, ndipo mufunika zigamba 140: mizere 14 ya zigamba 10. Mzere uliwonse uli ndi misoko 9. Msoko ukalowa ndi milimita imodzi yokha umadya mamilimita awiri, chifukwa ukudya mbali zonse ziwiri, ndipo pa misoko 9 mzere wafupika ndi mamilimita 18. Dulani chikombole cha katoni yolimba chimodzi chojambulira zigamba zonse, ndipo muchisinthe m'mphepete mukayamba kufumbutuka. Pa pleti matani kaselotepi sentimita imodzi kuchokera pa singano kuti mphepete ya nsalu izitsata pamenepo. Mabuku ambiri a ntchitoyi amanena msoko wa mamilimita 6, koma chofunda chimene chizichapidwa pamanja ndi kufinyidwa mwamphamvu chimafuna sentimita yathunthu, apo ayi misoko imayamba kuyoyoka.

Kusoka nsalu zitatu pamodzi

Apa ndi pamene chisokonezo chachikulu chimachitikira, ndipo choyambitsa chake n'chochititsa manyazi. Zigamba, bulangeti la pakati ndi nsalu ya kunsi zikalowa pansi pa phazi zimadzaza mpata wonse, moti phazi limaoneka ngati latsika pamene lili m'mwamba. Mukapalasa choncho timbale tili chitsegukire, ndipo ulusi wonse umathira kunsi. Musanayambe mzere uliwonse gwirani kachitsulo kotsitsira phazi kumbuyo, mutsimikize ndi dzanja.

Talikitsani sitichi. Polumikiza zigamba mamilimita 2.5 ndi abwino, koma pa nsalu zitatu ikani 3 kapena 3.5. Pa makina amene manambala ake amayambira 6 kufika 30, nambalayo ikunena kuchuluka kwa masitichi pa inchi imodzi, choncho nambala yaing'ono ndiyo sitichi yaitali: ikani pa 10 kapena 12 polumikiza, pa 8 posoka zonse pamodzi. Pamutu pa makina, molunjika phazi, pali sikulu yopanikizira phazi. Imasuleni pang'ono kuti phazi lisamakankhe nsalu ya pamwamba. Mano amakoka ya kunsi yokha, ya pamwamba imatsalira, ndipo phazi likathina kwambiri mumafika kumapeto muli ndi khwinya lalikulu.

Cha pakati chisakhale chokhuthala. Mabulangeti aubweya wambiri aja salowa bwino pa makina a pakhomo. Bulangeti lakale lopyapyala kapena nsalu yofunda ya fulanelo ndi zokwana, kutentha kumachokera ku mpweya wotsekeredwa pakati pa nsaluzo. Yalani nsalu ya kunsi pa simenti yosesa bwino kapena pa mkeka, kumaso kwake kuyang'ane pansi, muikoke pang'ono n'kuitsindika m'makona. Ikhale yoposa zigamba ndi masentimita 5 mbali zonse, bulangetinso chimodzimodzi. Mukayala zonse zitatu, gwirizirani ndi msoko wapamanja wotalikirana kapena mapini otseka, kuyambira pakati kupita m'mphepete, motalikirana masentimita 10. Chikhatho chikagona paliponse chikhudze pini kapena ulusi. Ntchito imeneyi imatenga madzulo athunthu ndipo anthu ambiri amaidumpha, n'chifukwa chake kunsi kwa zofunda zambiri kumakhala mapindiko osokedwa.

Pa makina yambaninso pakati. Kulungani mbali ya kumanja ngati mphasa kuti ilowe pansi pa mkono wa makina. Mizere italikirane masentimita 10 mpaka 15, ndipo kutsata misoko ya zigamba ndiko kosavuta. Chofunda chisalendewere pansi. Kulemera kwake kumakoka singano chammbali, singano n'kumaphonya kangowe kapena kugunda pleti. Ikani tebulo kapena mipando kumanzere ndi kumbuyo kwa makina, mbali yotsala muinyamule pamiyendo kapena paphewa. Manja anu agone mbali ziwiri za phazi, azingosalaza ndi kuwongolera. Kukoka nsalu kumbuyo kuti ifulumire ndiko kumathyola singano zambiri.

Ngati makina akukanikabe, chofunda chikhoza kumangidwa pamanja. Tengani singano yaikulu ndi ulusi wokhuthala kapena wulu, mubooleze nsalu zonse zitatu pakati pa chigamba chilichonse ndi pamphambano, mumange mfundo kawiri, musiye timichira ta masentimita awiri. Cha mwana wakhanda musachimange motere chifukwa amatha kusolola timichirato n'kuika m'kamwa.

Makwinya obwera chikachapidwa

Msoko wokwinyika uli pa makina pomwe umasonyeza kuti tenshoni yathina mbali zonse kapena sitichi yatalika kwambiri pa nsalu yopyapyala. Koma chofunda chimene chinali chosalala n'kudzakwinyika chitachapidwa koyamba, vuto lake ndi nsalu zosakaniza. Ya thonje yatsopano imabwerera ikanyowa, nthawi zambiri masentimita 3 mpaka 5 pa mita. Ya poliyesita sibwerera, ndipo ya kaunjika inabwerera kalekale. Mukazilumikiza zosachapa, china chikukoka china chili phee. Zitenje za pamsika zilipo za thonje ndi za poliyesita ndipo ndi maso n'zovuta kusiyanitsa. Dulani kachidutswa muyatse ndi machesi pa mbale yachitsulo: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita imasungunuka n'kusiya kampira kolimba.

Mapisi onse achapeni musanadule, muwayanike, muwasite. Kuchapako kumachotsanso kulimba kwa nsalu yatsopano kumene kumabunthitsa singano msanga. Ofiira, abuluu wakuda ndi akuda anyikeni paokha m'beseni muone madzi. Pisi limene likutulutsabe utoto mutalitsukuluza katatu lisalowe m'chofunda chokhala ndi zoyera. Podula tsatani ulusi wa nsalu, chigamba chodulidwa mopingasa chimatamuka pansi pa phazi. Nsalu za matisheti ndi zina zotamuka zimadumphitsa makina pokhapokha mutagwiritsa singano ya nsonga yobulungira, ndipo sizikhala bwino pambali pa chitenje. Zisungireni ntchito ina.

Zofunika mmisiri

Mukasintha singano, kutsuka, kulowetsanso ulusi, koma makina akudumphabe ngakhale pa nsalu ziwiri za thonje, yang'anani kukumana kwa singano ndi kangowe. Chotsani pleti ndi kanyumba ka bobini, muzungulize gudumu pang'onopang'ono. Singano ikafika pansi penipeni n'kukwera pafupifupi mamilimita awiri ndi theka, nsonga ya kangowe iyenera kukhala ikudutsa pa singano, pamwamba pang'ono pa bowo lake, pafupi kwambiri koma osagunda. Ikamadutsa pansi pa bowo kapena patali pamwamba, china chasuntha. Pa makina akuda aja chimene chimasuntha kawirikawiri ndi mtengo wachitsulo wogwira singano, umene umakwera m'mwamba singano ikagunda pini kapena batani mwamphamvu. Kukonza kwake ndi kwa sikulu imodzi, koma kumafuna diso lozolowera. Kasipuling'i kawaya ka pa tenshoni kakathyoka kapena kufooka, kapena nsonga ya kangowe ikabuntha, pamafunika zatsopano.

Popita kwa mmisiri masulani mutu wa makina pa tebulo lake, munyamule ndi kanyumba ka bobini, bobini, ulusi umene mukusokera ndi kapisi kaja ka ulusi wofiira ndi woyera. Tenganinso kachidutswa ka nsalu zitatu zija zitagwirizidwa, akayesere pamenepo inu mukuona musanalipire.